Tinapita ku Lusaka Kukawombola Dzina la Esinala

Abusa athu atapempha kuti ife amai a chigwirizano aliyense alembe chinthu chimodzi chimene Ambuye anamudutsitsamo, ine ndinayamba ndakana. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndipo dzanja langa limadziwa khasu kuposa pensulo. Koma ulendo wa ku Lusaka umene ndinayenda ndi mwana wanga Esinala wakana kugona mumtima mwanga. Ndiye ndalemba mmene ndikukumbukira, osakometsa, pakuti cholakwa chimene chinatiyendetsa ulendowu chinayambira m'manja mwanga.

Kwathu ndi kufupi ndi Tamanda. Esinala ndi mwana wanga wachitatu, ndipo dzinalo ndi la amai anga ondibala. Anabadwa mwezi umene amai anatisiya, ndiye amuna anga, malemu a Sakala, anati dzina lisagone kumanda, libwerere m'nyumba. Mwanayu anali wanzeru, koma atalemba mayeso a Giredi 7 sanasankhidwe. Malo ku sekondale anali ochepa, ndipo kubwereza sankalola. Masiku amenewo panali njira imene aliyense kwathu ankaidziwa, ngakhale palibe amene ankaitchula mokweza. Mwana wofuna kubwereza ankalowa m'dzina la mnzake amene wasiyira sukulu mu Giredi 6, dzina lake likadali m'buku la aphunzitsi.

Chaka chomwecho Malita Njobvu, mwana yekhayo wa akulu anga, anali atasiya sukulu chifukwa cha chifuwa chosamva mankhwala. Ndinapita kwa akulu anga nkhuku ili m'manja. Iwo anati pakuti Malita wagona, dzina lake lipite kusukulu m'malo mwake, akachira tidzaona chochita. Malita sanachire. Tinamuika m'manda mvula yotsatira ili pafupi kugwa. Koma dzina lake linapitirira kuyenda: linakhoza Giredi 7, linakhoza Giredi 9, linamaliza Giredi 12. Kunyumba tinkaitana Esinala, kusukulu ankaitana Malita.

Pamene a boma anabwera kumudzi kudzadula mareji, zitupa zija za munthu aliyense wamkulu, a Sakala anamuperekeza okha mwanayo n'kumulembetsa dzina lake lenileni, Esinala Sakala. Anati bodza lithere kusukulu, pa reji pakhale dzina la atate wake. Sitinaganize kuti mapepala awiriwa adzakumana tsiku lina pa tebulo limodzi.

Anakumana zaka ziwiri a Sakala atamwalira. Kunabwera kalata yakuti mwana wapeza malo ku koleji ya aphunzitsi. Ndinavina pabwalo mpaka chitenje kumasuka. Koma m'munsi mwa kalatayo munalembedwa kuti abwere ndi satifiketi ndi reji, ndipo mayina akasiyana sadzalandiridwa, malo ake adzapatsidwa kwa wina. Kunatsala masabata atatu.

Tinathamangira ku ofesi ya zamaphunziro ku Chipata. Kalaliki amene tinamupeza anali bambo wachikulire, waulemu. Anayang'ana mapepala onse awiri n'kuvula magalasi.

"Mai, mukanabwera zaka zapitazo, kalata ya ahedi ikanakwanira. Ine ndikanadinda chidindo, nkhani n'kutha. Tsopano boma laika mayina a ana onse mu kompyuta ku Lusaka. Kuno tilibe ngakhale waya wake."

Za kompyutazi ndinali nditamvapo pa wailesi. Ankati zikabwera, mafayilo sadzasowanso, mizere idzatha, munthu wa kumudzi adzathandizidwa ngati wa m'tauni. Ndinali nditayamika nawo osadziwa kuti chinthucho chikuoneka bwanji. Ndinafunsa bambowo ngati kompyutayo imalandira makalata. Anati imalandira, koma yankho likhoza kubwera chimanga chitacha. Ngati tikufuna malo a mwana, tipite tokha.

Ine chibadwire ndinali ndisanapitirirepo Katete.

Ndinagulitsa nshawa zimene ndinasungira mbewu kuti tipeze ya basi. Amai a chigwirizano anabwera kudzatipempherera. Wina anabweretsa mbatata yophika, wina analemba pa kapepala nambala ya nyumba ya mlongo wake ku Mtendere kuti tikafikireko. Mapepala onse, satifiketi, kalata ya ahedi, khadi la ku sikelo ndi khadi la ubatizo, ndinawaika m'pulasitiki ya shuga n'kumangira m'chiuno. Chimodzi chokha sindinachite: sindinawauze akulu anga. Lolemba m'mawa, popita kumsewu, tinadzera kuseri kwa nyumba yawo, m'munda wa chinangwa, ngati akuba. Ndinadziuza kuti tikabweza dzinalo ndidzabwera kudzawauza nkhani yabwino yokhayokha.

Tinakwera vaneti yonyamula thonje, titakhala pamwamba pa mabelo, n'kufika ku Chipata dzuwa lisanatenthe. Mabasi a boma anali atatha masiku amenewo, kunatsala a anthu. Pa siteshoni tinapeza basi yabuluu injini ikulira, anthu ali m'mawindo, kondakitala akulumbira kuti kwatsala malo awiri okha, a ife. Tinalipira mofulumira, tikuthokoza Mulungu chifukwa cha mwayi. Titangokhala pansi, anthu ena amene tinawapeza m'mipando anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Mai wonenepa amene ndinakhala naye, amake Jelita, wogulitsa nyemba ku Lusaka, anaseka mpaka misozi. Anati amenewo si apaulendo, amawakhazika dala kuti basi izioneka yodzaza, ndipo ndikhazike mtima pansi, nyambo yagwira nsomba ziwiri. Dalaivala ankati akaponda mafuta, basi n'kusuntha pang'ono kutsogolo, n'kubwereranso pomwepo. Tinanyamuka dzuwa litapendeka, mbatata yathu itatha theka tisanaone ngakhale Mtenguleni.

Dalaivalayo anali Mbemba, a Mulenga, ndiye chimbuya, kunyozana kwa nthabwala kuja kwa Abemba ndi ife a kum'mawa, chinayamba tisanatuluke m'tauni. Analengeza kuti amene wanyamula mbewa m'chikwama azilipirire, chifukwa nazonso ndi apaulendo.

"Inu yendetsani basi, ambuya," anatero amake Jelita. "Tikafika m'mapiri musaime kukapatsa moni anyani, ndiwo zanu, m'mitengo."

Basi yonse inaseka, ngakhale Esinala amene sanaseke chichokere kalata ija.

Msewu unali maenje okhaokha, phula likungooneka apa ndi apo ngati zigamba. Pa Katete tinaima kukweza matumba a chimanga padenga, ola lathunthu. Pa Sinda tinaima chifukwa tayala linaphwa, ndipo jeke anachita kukabwereka. Pa mphambano ya Petauke tinaima popanda amene anatiuza chifukwa chake. Paliponse pamene taima ndinkagwira m'chiuno kuti ndimve pulasitiki ikulira. Pa Nyimba amake Jelita anagula mkoko wa nthochi n'kutigawira, akuti munthu sadutsa pa Nyimba chimanjamanja, ndipo kutsogoloku kulibe sitolo.

Ananena zoona. Titayandikira Kacholola, pachitunda, pansi pa basi panamveka kuthyoka kwa chitsulo, ndipo tinaima. Amuna anatsika kukaika miyala kumatayala. A Mulenga analowa kunsi n'kutuluka ndi chitsulo chachitali ngati mkono, chothyoka pakati. Anati china chonga ichi chingapezeke ku Petauke, ngati Mulungu alola. Kondakitala anachikulunga m'thumba, n'kukwera lole yobwerera kumene tachokera. Tinagona momwemo m'mipando.

Lachiwiri lonse tinalithera m'mbali mwa msewu. Dziko la kumeneko si ngati kwathu. Ndi mapiri a miyala, mitengo yopanda masamba, kutentha kochokera kumwamba ndi pansi pomwe. Mthunzi unali wa basi yokha, ndiye tinkauzungulira nawo: m'mawa mbali iyi, masana kunsi, madzulo mbali inayo. Madzi atatha, ife amai tinatsata kanjira mpaka pa kamudzi ka nyumba zisanu. Mai wina wa kumeneko anatitungira pa chitsime chake chimene chinali pafupi kuuma, osafunsa kuti ndife ayani. Dzina lake sindinalifunse, koma mpaka lero ndimamutchula m'pemphero kuti mai wa pa Kacholola.

Mabasi ena ankadutsa, odzaza mpaka pakhomo. Amene anali ndi ndalama zapadera anakwera malole n'kutisiya. Ife tinalibe. Galimoto iliyonse yochokera ku Petauke tinkaimirira kuyang'ana ngati muli kondakitala wathu, n'kukhalanso pansi.

Masana a tsiku limenelo ndinapeza Esinala atakhala yekha pa mwala, akuthyola kamtengo tizidutswa. Ndinamuuza kuti asade nkhawa, masiku alipo, tikafika adzatimvera chisoni. Sanandiyang'ane.

"Amai, zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuyankha dzina la munthu wakufa. Aphunzitsi akaitana Malita m'mawa, ine ndinkaona bokosi lija. Simunandifunsepo."

Zinali zoona. Sindinamufunsepo. Ndinkaona ngati ndamupatsa sukulu, osaona chimene ndamusenzetsa. Ndinafuna kunena kuti ndinachitira chikondi, koma ndinangokhala pambali pake pa mwala wotenthawo. Ndinayesa kupemphera chamumtima, koma ndinasowa poyambira, pakuti munthu upempha bwanji Mulungu kuti akonze bodza limene unalikonza wekha, nkhuku ili m'manja? Ndinangoti, Ambuye, mwana uyu mumamudziwa, inu simusokoneza mayina.

Kondakitala anabwera Lachitatu m'mawa, chitsulo chija atachiwotcherera, chifukwa chatsopano sanachipeze. A Mulenga anati tiziyenda pang'onopang'ono ndipo opemphera apemphere, ngakhale odya mbewa, Mulungu sasankha. Tinatsika mapiri ngati tikuperekeza maliro.

Pa mlatho wa Luangwa panali asilikali. Aliyense anayenera kutsika, reji m'manja, katundu wam'manja n'kutsegula. Msilikali amene anatifikira anali wamtali, wakuda bii, mfuti pa phewa. Anaona reji yanga, anaona ya Esinala, kenaka analoza chotupa cha m'chiuno mwanga. Ndinamasula. Anatulutsa satifiketi, n'kuiyang'ana, n'kuyang'ananso reji.

"Mapepala awa ndi a ndani?"

Ndinaona m'maso mwanga akutitsekera kuti taba mapepala a munthu. Amake Jelita, amene tinali titawafotokozera zonse pa Kacholola, anadzipanikiza pakati pathu.

"Mwana wanga msilikali, dzina la kusukulu ndi lina, la kunyumba ndi lina. Usatiuze kuti kwanu kulibe obwereza Giredi 7."

Msilikaliyo anayang'ana kumbali kumene kunali anzake, n'kupinda satifiketi bwinobwino mmene inalili, n'kundibwezera.

"Ine pano ndine mkulu wanga," anatero motsitsa mawu. "Mwini dzina akulima kumudzi. Pitani, amai. Koma kumene mukupitako, kompyuta siseka ngati ine."

Titawoloka, amake Jelita anagula nsomba zouma n'kutipatsako ziwiri kuti tisakafike kwa eni nyumba manja lende. Mapiri a Manenekera ndinawadutsa maso ali chitsinzire, ndikugwira mpando wakutsogolo. Rufunsa, Chongwe, kenaka nyumba zinayamba kuthinana. Tinalowa mu Lusaka madzulo. Amake Jelita anatikweza okha minibasi ya ku Mtendere, n'kumuuza kondakitala potitsitsa. Sindinawaonenso. Kumene ali, Ambuye awakumbukire. Mlongo wa mnzanga uja ndi akazi ake anatilandira ngati abale, natiyalira mphasa m'chipinda cha ana.

Lachinayi tinafika pa ofesi ya mayeso kusanatsegulidwe, koma tinapeza mzere utazungulira kale mpanda. Munali anthu a zilankhulo zonse, aliyense ndi envulopu yake pachifuwa. Mlonda anatipatsa tizikatoni tolembedwa manambala. Tinaima mpaka dzuwa pamutu. Kenaka kunatuluka bambo wa tayi n'kunena kuti magetsi azima, kompyuta yagona, tibwere mawa. Munthu wina anafunsa ngati sangayang'ane m'mabuku akale. Anati mabukuwo anamangidwa m'mitolo n'kupita kosungira zinthu, zonse tsopano zili m'makina.

Lachisanu magetsi analipo. Mzere unayenda pang'ono, n'kuima. Tinamva kuti amene amadziwa mawu otsegulira mbali ya mayina wapita kumaphunziro a kompyuta yomweyo, abwera Lolemba. Palibe amene anakalipa. Nkhalamba ina ya ku Mongu, imene inabwera kudzafunsa za mdzukulu wake, inangokhala pansi pomwepo n'kuvula nsapato. Ndinaigawira nthochi yotsiriza ya ku Nyimba, yakuda kale. Sitinamvane chilankhulo, koma tinamvana.

Loweruka ndinachapa zovala za eni nyumba kuti manja asakhale chabe. Lamulungu ndinapita nawo kutchalitchi, koma ulaliki sindinaumve, ndinkangowerenga masiku. Sabata imodzi inali itapita. Kunatsala ziwiri, ndipo ife tinali tisanaone ngakhale chitseko cha chipindacho.

Lolemba masana nambala yathu inaitanidwa. M'chipindamo munali mozizira ngati m'mawa wa mwezi wa chisanu. Anati makinawo safuna kutentha, ndiye anawaikira choziziritsa, pamene ife panja tinkapsa. Kompyutayo inali ngati kabokosi koyera ka galasi kutsogolo, ndi chofunda chake chapulasitiki chopindidwa pambali. Ndinadabwa kuti kanthu kakang'ono chotere n'kamene katiyendetsa masiku atatu pamsewu. Kumbuyo kwake kunakhala mtsikana wa magalasi, wosaposa mwana wanga woyamba. Atamva kalankhulidwe kathu anatiyankha m'Chinyanja cha kwathu, ndipo mtima wanga unatsikako.

Anafunsa nambala ya mayeso. Esinala anaitchula pamtima. Mtsikanayo anagogoda ndi zala, n'kutembenuzira galasilo kwa ife. Pa mdima wa galasilo panatuluka zilembo zobiriwira, zowala: Malita Njobvu. Ndimadziwa kuwerenga pang'onopang'ono, koma dzina limenelo ndinaliwerenga kamodzi. Mwana amene ndinamusambitsa ndi manja anga tsiku lomuika anali pamenepo, akuwala, ndi maphunziro onse amene sanawaphunzire.

Ndinayamba kufotokoza zonse, za Giredi 7, za chifuwa, za nkhuku. Ndinali nditalonjeza Mulungu pa Kacholola kuti sindidzanamanso. Mtsikanayo anakweza dzanja, n'kuyang'ana kuchitseko.

"Amai, zimene mwanenazi ine sindinamve. Zikalembedwa pa pepala, ndiye kuti mwana analemba mayeso m'dzina la wina, ndipo zonsezi zifafanizidwa. Chilembo chimodzi chikalakwika ndimakonza. Munthu wathunthu sindingamusinthe."

Ndinafunsa ngati ndingaonane ndi abwana ake. Anati ndingathe, koma abwanawo adzafunsa funso lomwelo, ndipo iwo adzalemba. Ndinafunsa ngati sangangowonjezera Esinala pakati, Malita akhale, Njobvu akhale, koma dzina la amai anga lipezeko kampata. Anati makinawo salola, dzina limene mwana analowa nalo pa Giredi 7 linamangidwa ku nambala yake. Ndinamasula pulasitiki n'kuika khadi la ubatizo pa tebulo, ndi la ku sikelo lomwe, kuti aone kuti mwanayu ndi wanga, ndinamubala ine, dzina lake ndi ili. Anawayang'ana ndithu, sananyoze. Kenaka anawabweza kwa ine ndi manja awiri.

Anati njira ilipo imodzi yokha, ndipo si ya muno. Popeza kompyuta singasinthe, asinthe ndi munthu. Mwana akalumbire kukhoti ku Chipata kuti kuyambira tsopano iye ndi Malita Njobvu, akadule reji yatsopano, mayina adzafanana. Masabata awiri akhoza kukwanira tikafulumira. Anasindikiza pepala la zotsatira zake, makina akulira ngati nyenje, n'kudinda chidindo. Ndinamuthokoza, ndipo ndimamuthokozabe, pakuti akanatha kulemba zimene ndinanena. Zonse sizinathe ngakhale nthawi yophika tiyi.

Panja tinakhala pansi pa mtengo, pafupi ndi mzere. Sindinalire mokweza chifukwa cha anthu. Ndinkaganiza za a Sakala atavala jekete lawo la kutchalitchi, akumuperekeza mwana kukadula reji. Ndinkaganiza za amai anga. Tinabwera kudzachotsa dzina lobwereka, ndipo tinali kubwerera titataya lathu. Panalibe munthu woti ndimukwiyire. Mtsikanayo sanalakwe, makinawo anasunga zimene tinawapatsa.

Esinala ndiye anayamba kulankhula. Anati alumbira, sangabwerere kukhasu atafika apa. Ndinamuuza kuti dzinalo lili ndi mwini, sitingalitenge kachiwiri modzera m'chinangwa.

Basi yobwerera sinaonongeke paliponse. Inathamanga ngati ikudziwa kuti sindikufuna kufika. Pa mlatho sanatitsitse n'komwe. Tinagona ku Chipata kwa wachibale, ndipo Lachitatu dzuwa likukwera tinali pakhomo pa akulu anga.

Tinawapeza akuzira khonde, manja ali dothi lokhalokha. Tinakhala pansi chapatali n'kuwomba m'manja. Anatiyankha moni osasiya ntchito. Anati anationa tsiku lija tikudutsa m'chinangwa, anaganiza kuti mwina njira ya pakhomo pawo yamera minga. Ndinafotokoza zonse, kuyambira kalata ya ku koleji mpaka zilembo zobiriwira. Atamva kuti dzinalo ndinaliona likuwala, dzanja lawo linaima.

"Amake Dalitso," anatero, pakuti amandiitana ndi dzina la mwana wanga woyamba, "unabwera ndi nkhuku kudzabwereka. Wobwereka amabweza. Zaka zonsezi ana a sukulu akamadutsa apa akuitana Malita, ine ndinkatembenuka. Tsiku lililonse ndinkatembenuka. Unadziwa zimenezo?"

Sindinadziwe. Ndinaweramitsa mutu. Ndinalibe chopereka. Akanakana, sindikanawaimba mlandu, ndipo malo a mwana akanapita.

Dothi linali likuuma m'manja mwawo. Kenaka anamuitana Esinala kuti asendere pafupi. Anamuyang'ana kumaso ngati akumuona koyamba.

"Mudzi wonse umandiitana amake Malita, koma Malita wake palibe. Pita ukalumbire. Koma ukaliyendetse bwino, mwini wake sanalidetsepo. Ndipo kalata ikamabwera kuchokera kumeneko, izidzera pakhomo pano, osati m'chinangwa."

Esinala anagwada n'kulira pa miyendo pawo, dothi lonse kumupaka m'tsitsi.

Analumbira Lachisanu. Ine ndinaima kumbuyo kwa khoti ndikumva mwana wanga akunena ndi pakamwa pake kuti dzina la Esinala Sakala walisiya. Reji yakale anaitenga a boma. Ndinapempha kuti andipatse ndisunge, anati lamulo sililola. Yatsopano inatuluka kutatsala masiku awiri, ndipo ku koleji anamulandira.

Lero ndi mphunzitsi, ana amamutcha Mai Njobvu. M'mabuku onse a boma, ndi m'makina awo, Esinala Sakala kulibe. Anatsala m'buku la ubatizo la mpingo wathu ndi pakamwa panga. Sindinganene kuti zinatha bwino, sindinganenenso kuti zinatha moipa. Ndimangothokoza Ambuye chifukwa cha anthu amene anawaika pamsewu uja, ndipo ndimapemphabe chikhululukiro.

Kalata yake yoyamba inabwera patapita mwezi. Ndinaitenga osatsegula mpaka pakhomo pa akulu anga, podzera njira ya kutsogolo. Kuseri kwa envulopu kunalembedwa dzina la wotumiza, Malita Njobvu. Akulu anga sadziwa kuwerenga, koma anandiuza kuti ndiwaloze pamene pali dzinalo, n'kuyendetsapo chala. Ndinawawerengera kalata yonse, za chakudya cha kumeneko, za nsapato zimene zikumuthina. Pamapeto analemba kuti, ndine mwana wanu, Esinala.

Akulu anga anatenga envulopu n'kukaika m'Baibulo lawo. Ine ndinatenga kalata. Mpaka lero timagawana choncho.